Makhadi a mawu achilendo: momwe kabuku kakuyendera

Sabata yoyamba

Ndayamba ntchito yomwe ndakhala ndikuizengereza kwa zaka ziwiri. Ndikufuna kulemba kabuku ka mawu achilendo a zachipatala, a za maganizo a munthu ndi a chilankhulo, mawu aja amene ophunzira unamwino amangoloweza ngati nyimbo osadziwa komwe anachokera. Liwu lililonse likhala ndi khadi lake. Kutsogolo kukhala liwulo, kumbuyo komwe linachokera, amene analilemba koyamba, chaka chake, kenako tanthauzo m'Chichewa chomwe munthu wosapondako m'kalasi ya sayansi angamve. Ndadula makatoni a sopo n'kupeza makhadi 120. Amenewo akadzadzaza, kabuku katha.

Anandiyambitsa ndi mlamu wanga, amene ndi namwino. Tsiku lina tikudya anandifunsa kuti, "Alamu, inu mumakonda mabuku, n'chifukwa chiyani fupa loyamba la m'khosi timalitcha atlas, dzina la buku la mapu?" Yankho lili m'nthano za Agiriki. Atlas anali chimphona chomwe chinagonja pa nkhondo yolimbana ndi milungu, ndipo Zeus, mfumu ya milunguyo, anachilanga kuti chizisenza thambo mpaka muyaya. Fupa lija nalonso limasenza mutu. Mlamu anangoti, "Akanatiuza choncho kusukulu sindikanaiwala." Khadi loyamba ndi limenelo.

Sabata yachiwiri

Mawu ochokera m'nthano za Agiriki akuyenda mofulumira. Ndalemba makhadi 19. Morphine, mankhwala amphamvu opha ululu, anatenga dzina la Morpheus, mulungu wa maloto, ndipo anamutcha choncho ndi Friedrich Sertürner wa ku Germany, amene anali woyamba kumupatula m'utomoni wa opium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Panic ndi mantha a Pan, mulungu wa abusa, amene ankati akakuwa m'thengo ziweto zonse balala. Mtsempha wa kuchidendene uli ndi dzina la Achilles. Amenewa sanandivute.

Amene wandikhalitsa pansi tsiku lonse ndi atropine. Agiriki ankati moyo wa munthu ndi ulusi womwe uli m'manja mwa akazi atatu apachibale. Clotho amapota, Lachesis amayeza kutalika kwake, Atropos amadula. Dzina la Atropos limatanthauza wosabwezeka, amene sungamupembedze. Carl Linnaeus, katswiri wa zomera wa ku Sweden, anatenga dzinali n'kupatsa chomera chakupha cha ku Ulaya, Atropa belladonna, ndipo mankhwala opatulidwa m'chomeracho m'zaka za m'ma 1830 anatchedwa atropine. Tsono m'zipatala zathu, munthu akabwera naye atamwa kapena atapuma poizoni wa mankhwala ophera tizilombo m'munda, thovu lili kukamwa, mtima ukugunda mwaulesi, jakisoni amene amathamangira ndi atropine yemweyo. Mlamu akuti amabaya mobwerezabwereza mpaka chifuwa chiume. Ndinalemba khadili katatu kuti zonsezi zikwane kumbuyo kwake, chifukwa sindinafune kusiyapo mbali ngakhale imodzi.

Lina ndi caput medusae, mutu wa Medusa, mkazi wa m'nthano amene tsitsi lake linali njoka. Madokotala amatchula choncho mitsempha yotupa yomwe imayanga kuchokera pamchombo magazi akamalephera kudutsa bwino m'chiwindi. Kwathu kuno chimodzi mwa zinthu zoumitsa njira za magazi m'chiwindi ndi likodzo la m'matumbo, choncho ndaika khadili pafupi ndi la bilharzia, dzina la likodzo lochokera kwa Theodor Bilharz amene anapeza nyongolotsi zake ku Cairo mu 1851.

Sabata yachinayi

Ndalakwitsa, ndipo ndiyenera kulemba pano kuti ndisadzabwerezenso. Pa khadi la chikungunya ndinalemba kuti liwuli ndi la Chiswahili, chifukwa buku lina lomwe ndili nalo limatero. Sindinafufuze. Dzulo ndapeza kuti ndi la Chimakonde, chilankhulo cha anthu a kumalire a Tanzania ndi Mozambique, uku ndi uku kwa mtsinje wa Ruvuma. Matendawa anabuka kumapiri a Amakonde, m'boma la Newala, mu 1952, ndipo Marion Robinson ndi W. H. R. Lumsden anawalemba mu 1955. Liwulo likuchokera ku mneni wotanthauza kupindika kapena kukhwinyata, chifukwa wodwala amayenda chowerama ndi ululu wa m'mfundo. Amafalitsa ndi udzudzu wa Aedes, uja woluma masana. Zinandipweteka kuti ndinalanda Amakonde liwu lawo n'kupatsa chilankhulo chachikulu, chimodzimodzi momwe ena amachitira ndi mawu athu.

Kulakwitsaku kwandipatsa khadi latsopano, la dord. Mu 1934 dikishonale yaikulu ya Webster ya ku America inatuluka ndi liwu lakuti dord, tanthauzo lake ati kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi kukula kwake. Liwu lotere kunalibe. Katswiri wina anali atalemba pakapepala kuti "D or d", kutanthauza kuti chilembo D chachikulu kapena chaching'ono chingaimire density, liwu la Chingerezi la tanthauzo lija, koma kapepalako kanasokera m'gulu la mawu ndipo zilembozo zinalumikizidwa. Linakhala m'bukumo osazindikirika mpaka 1939 pamene mkonzi wina anaona kuti lilibe kochokera. Mawu otere amatchedwa ghost words, dzina lomwe Walter Skeat anapereka mu 1886. Ine ndalemba kuti "liwu lamzukwa": limaoneka, anthu amalikhulupirira, koma thupi lilibe.

Kuyambira lero, khadi silikulowa m'bokosi ndisanalipeze m'malo awiri osakoperana. Ndabweza makhadi 31 onse patebulo kuti ndiwaonenso. Anayi ndawang'amba.

Sabata yachisanu

Sabata ino ndalemba makhadi awiri okha, koma loyambalo ndi limene lasintha ntchito yonse.

Kwashiorkor ndi liwu la chilankhulo cha Chiga, cha anthu a ku Accra ku Ghana. Cicely Williams, dokotala wobadwira ku Jamaica amene ankagwira ntchito kumeneko dzikolo likadali Gold Coast, analemba za matendawa mu 1933, ndipo mu 1935 anawatchula ndi dzina lomwe eni dera ankagwiritsa ntchito kale. Ana odwala amene ankawaona anali otupa miyendo ndi nkhope, tsitsi lofiirira lothothoka, khungu losupuka, osafuna kuseka kapena kusewera. Tanthauzo la dzinalo ndi lakuti matenda amene mwana amadwala mng'ono wake akabadwa. Mwana wachotsedwa kubere, wasiyidwa ndi phala la chimanga lokhalokha, ndipo thupi layamba kutupa.

Loweruka ndinapita kukaona azakhali anga kumudzi ndipo ndinawawerengera khadili. Sanandilole kumaliza. "Mwana wanga, umenewo ndi utumbidwa. Mayi akatumbiza, wamkuluyo amanyentchera, amangolira, miyendo n'kutupa. Ifetu tinkadziwa." Ndinakhala chete kanthawi. Amayi a ku Accra ndi amayi a kwathu, osaonanapo, anaona chinthu chimodzi n'kuchipatsa dzina lolozera kumimba yotsatira. Azakhali anapitiriza kunena za tsempho ndi mdulo, kuti mwana amatupanso makolo akalakwira mwambo, akathira mchere pamene sayenera. Pamenepo sindigwirizana nawo pa choyambitsa, ndipo ndinawauza mwaulemu. Anandiyankha kuti, "Iwe lemba zako za kuchipatala, koma ulembenso kuti tinkaona." Ndalemba.

Pali mbali ina yomwe yandidabwitsa. Amene anatsutsa Williams kwambiri anali Hugh Stannus, dokotala amene anagwirapo ntchito ku Nyasaland nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, ndipo mu 1912 analemba za matenda ena otchedwa pellagra pakati pa akaidi a ku Zomba. Iye anaumirira kuti zomwe Williams ankaona zinali pellagra yomweyo mwa ana. Patapita zaka zinadziwika kuti ndi matenda awiri osiyana, ndipo Williams ndiye ankanena zoona. Sindikumunyoza Stannus. Anaona pellagra yeniyeni ndi maso ake kwathu kuno, ndipo chimanga chinalipo mbali zonse ziwiri. Koma anali atazolowera dzina limodzi mpaka linamutseka maso.

Choncho pellagra nayo yalandira khadi. Ndi Chitaliyana, khungu lokakala. Imabwera thupi likasowa vitamini wotchedwa niacin, makamaka mwa anthu odalira chimanga popanda ndiwo zokwanira: khungu limada ndi kukakala pomwe pamawomba dzuwa, m'khosi mumakhala ngati mkanda, kenako kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala matendawa m'Malawi muno, mtedza utasiya kufika m'chakudya chomwe ankalandira. Alipo ambiri amoyo amene akukumbukira chaka chimenecho.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Mvula ya Lachitatu inalowa pawindo n'kunyowetsa bokosi. Makhadi 12 inki yake yayenderera. Ndawayanika pamphasa ndipo ndikuwakopera pa atsopano.

Pokopera ndinalemba liwu lakuti "mutu" kambirimbiri mpaka linasiya kuoneka ngati liwu. Ndinaliyang'ana, mu-tu, n'kumadzifunsa ngati limalembedwadi chonchi. Chimenechi chili ndi dzina, semantic satiation, lomwe Leon Jakobovits James anagwiritsa ntchito pa kafukufuku wake ku McGill University ku Canada mu 1962. Liwu ukalibwereza kwambiri ubongo umatopa nalo, tanthauzo limachoka, pamatsala phokoso. Ndalimasulira kuti "kukhuta liwu". Mlamu akuti zikumveka.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Poyamba ndinkaganiza kuti kabukuka kadzadza ndi Agiriki ndi Aroma, mawu a ku Africa n'kukhala kagawo kakang'ono kumapeto. Ndasintha. Gawo loyamba likhala la mayina amene odwala eni ake anapereka, chifukwa ndikawaika pambali pa enawo, amenewa ndi amene akukuuza zomwe ukaone pa wodwala.

Taonani konzo. Ndi liwu la Chiyaka cha ku Congo, lotanthauza miyendo yomangidwa. Giovanni Trolli, dokotala wa ku Italy, analemba za matendawa mu 1938. Munthu amagona ali bwino, kudzuka miyendo yauma, akuyenda chonyang'ama ndi zala za kuphazi, mawondo akugundana ngati wamangidwa chingwe, ndipo sizibwerera. Choyambitsa ndi chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira, chodyedwa masabata ambiri popanda ndiwo zopatsa thanzi. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa cyanide amene amachoka pochiviika ndi kuchiyanika. Njala kapena nkhondo ikafika, anthu amafupikitsa masiku oviika chifukwa ana akulira. Zinachitika m'chigawo cha Nampula ku Mozambique pa chilala cha 1981, pomwe anthu oposa 1,000 anapuwala, ndipo kumeneko ankati mantakassa. Hans Rosling, dokotala wa ku Sweden amene ankagwira ntchito ku Nacala, anali mmodzi mwa amene anafufuza mliriwo.

Ndikulemba khadili ndinkangoganiza za amayi a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota amene amaviika chinangwa masiku angapo asanachiyanike n'kusinja ufa wa kondowole. Alendo amadandaula za fungo lake. Kuviika kumene kumabweretsa fungolo n'kumene kumachotsa poizoni. Ndaika chiganizo chimenechi pakhadi ngakhale kuti si tanthauzo la liwu, pakuti wina angawerenge kabukuka m'chaka cha njala.

Ndipo tili nalo lathu: kaodzera. Munthu wolumidwa ndi kashembe wonyamula tizilombo amayamba ndi kutentha thupi, kenako tulo timasokonezeka, amangoodzera masana ngakhale nsima ili m'manja. Mtundu wa kachilombo umene umapezeka ku Nkhotakota, Kasungu ndi Rumphi unalembedwa koyamba mu 1910 kuchokera kwa wodwala amene anautenga kuchigwa cha Luangwa ku Zambia, ndipo David Bruce, amene dzina lake lili pa kachilomboka, anadzafufuza matendawa ku Nyasaland nkhondo ya 1914 isanayambe. Dzina la sayansi, Trypanosoma brucei rhodesiense, lasenza mayina a azungu awiri, Bruce ndi Cecil Rhodes, koma silikunena kanthu za wodwala. Kaodzera likunena zonse m'mawu amodzi. Chibayo nachonso n'chimodzimodzi, chikukuuza kuti m'nthiti mukubaya. Chikasu chikukuuza kuti uyang'ane m'maso.

Sindikunena kuti mayina a sayansi ndi achabe. Popanda iwo dokotala wa ku Lilongwe ndi wa ku Lima sangamvane, ndipo dzina la kumudzi nthawi zina limaphimba matenda atatu osiyana m'chikwama chimodzi. Malaria yomwe, dzina lake ndi Chitaliyana chotanthauza mpweya woipa, kusonyeza kuti azungu nawonso anatchula zinthu molingana ndi zomwe ankakhulupirira udzudzu usanadziwike. Chindoko anachitcha syphilis kuchokera m'ndakatulo ya Girolamo Fracastoro wa ku Verona ya mu 1530, yonena za mbusa Syphilus amene ananyoza mulungu wa dzuwa n'kulangidwa ndi nthendayi. Dzinalo lisanakhazikike, mtundu uliwonse unkaloza mnzake: Ataliyana ankati nthenda ya Afalansa, Afalansa ankati ya ku Naples. Ife amene tinakhala m'zaka za Edzi tikudziwa momwe kuloza chala kotere kumapwetekera.

Makhadi omalizidwa: 58.

Sabata yakhumi

Gawo la za maganizo landivuta kuposa onse, ndipo vuto lake si chilankhulo ayi.

Mu 1923 Joseph Capgras wa ku France analemba za mayi wina wa ku Paris amene ankanena kuti mwamuna wake ndi mwana wake anachotsedwa, ndipo amene ali m'nyumbamo ndi anthu ena ongofanana nawo. Capgras anatcha vutoli ndi dzina la Sosia, kapolo wa m'sewero lakale la ku Roma amene anakumana ndi mulungu Mercury atavala nkhope yake. Lero amangoti Capgras delusion. Akatswiri ambiri amafotokoza kuti maso amazindikira nkhope bwinobwino, koma kutentha kwa mumtima komwe kumabwera ukaona wako sikufika, ndiye munthu amaganiza kuti uyu si iyeyo. Zimaoneka mwa odwala misala ina, mwa okalamba amene ubongo ukufooka, ndi mwa ovulala m'mutu. M'bale wake wa vutoli ndi la Jules Cotard, amene mu 1880 analemba za mayi wonena kuti alibe ubongo, alibe mitsempha, alibe matumbo. Odwala ena otere amanena kuti anafa kale ndipo amakana kudya, pakuti wakufa sadya.

Tsono ndilembe bwanji zimenezi kwa owerenga amene anakula akumva za ndondocha, za munthu amene anaikidwa m'manda koma ati akugwira ntchito kwa wina usiku? Gogo wokalamba akauza mpongozi wake kuti "iwe si iwe", kapena akanena kuti iye anafa kale, kumudzi sathamangira kuchipatala. Amayamba kunong'onezana, ndipo tikudziwa zomwe zachitikira okalamba ena ataganiziridwa ufiti. Ndalemba makhadi awiriwa kasanu. Kalembedwe koyamba kanali konyoza zikhulupiriro, ndipo munthu wonyozedwa sawerenga mpaka kumapeto. Kachiwiri kanali kozungulira moti sikanena kanthu. Komwe ndasiya kakungofotokoza zomwe wodwala amanena, komwe zimachokera m'ubongo, ndi kuti munthu wotere akufunika dokotala ndi chitetezo cha abale ake. Ndinawerengera azakhali pafoni. Anati, "Werenganso paja pa gogo." Nditabwereza anati ndisasinthe.

Khadi lomwe landipumulitsa ndi la kufungisisa. Ndi Chishona, kuganiza kwambiri, ndipo linalowa m'buku lalikulu la madokotala a maganizo a ku America, DSM-5, mu 2013, pa mndandanda wa momwe anthu a zikhalidwe zosiyana amatchulira kuvutika mumtima. Ku Harare, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu, ndipo amayambira pa liwu lomweli. Abale athu amene anakulira ku Mbare ndi Highfield amalidziwa. Ifenso timati "akudwala maganizo", "maganizo amupha". Munthu amene angakane kuti ali ndi depression amavomera msanga kuti akuganiza kwambiri, ndipo kucheza kumayambira pamenepo. Pakhadi ndachenjeza kuti mawu awiriwa salingana ndendende. Kuganiza kwambiri kungakhale nkhawa, chisoni cha maliro, kapena ngongole chabe.

Sabata yakhumi ndi ziwiri

Makhadi omalizidwa ndi 83. Otsala 37, ndipo 9 mwa amenewo ali pambali podikira umboni wachiwiri. Ndinkafuna kumaliza mwezi uno koma sizitheka. Ndapita kukafunsa mtengo wosindikizira ndipo wakwera kuposa momwe ndinakonzekera, choncho ndiyamba ndi makope ochepa a fotokope oti mlamu akagawire anzake kuntchito, aone pomwe sipakumveka.

Gawo la chilankhulo linali lopyapyala mpaka nditafika pa ideophone. Clement Doke, katswiri wa zilankhulo amene ankaphunzitsa ku Johannesburg, ndiye anakhazikitsa liwuli mu 1935 pofotokoza mawu a m'zilankhulo zathu amene amajambula chinthu ndi kamvekedwe kake: psuu, mbee, bii, zii, gwa. Ndinamufunsa mlamu ngati odwala amawagwiritsa ntchito. Anaseka n'kuti ndiwo amene amamuthandiza kwambiri. Mayi akati "maso ali mbee" iye amaganiza za kuchepa magazi. Akati "khosi lili gwa" pa mwana wotentha thupi, amasiya zonse n'kuthamanga naye. Akati "mapazi ali zii" amayamba wagwira mtsempha wa padzanja. Koma m'faelo ya wodwala zonsezi amazilemba m'Chingerezi, ndipo mawu enieni amene mayi ananena sasungidwa paliponse.

Ndamupatsa kope laling'ono lokwana m'thumba la yunifolomu. Kwa masabata awiri azilemba mawu otere momwe akuwamvera, popanda dzina la wodwala kapena mudzi wake, liwu lokha ndi chomwe linkatanthauza. Ine Loweruka ndibwerera kwa azakhali ndi makhadi opanda kanthu 15. Anandiuza kuti pali mawu a matenda a ana amene amayi awo ankatchula, oti sanawamvenso pakamwa pa munthu chiyambire kusamuka kumudzi wakale, ndipo akufuna tikhale pakhonde m'mawa mutu ukadali wopepuka.